Makompyuta a Boma Amatumikira Yani? Funso Lochokera pa Mulanje Boma

Funso lake n'lotani

Maofesi ambiri a boma pa Mulanje Boma masiku ano sayenda popanda kompyuta. Ku ofesi yolembera nzika amajambula nkhope ndi zala. Kuchipatala chachikulu cha boma amalowetsa chiwerengero cha odwala mwezi ndi mwezi. Ku ofesi ya zachuma ya khonsolo ndalama sizituluka zisanadutse mu sisitimu, ndipo pachipata cha Muloza katundu wochokera ku Milange amawerengeredwa msonkho pa makina. Komabe mawu amene anthu amawamva kawirikawiri pawindo ndi akuti, "Netiweki palibe, mubwerenso mawa." Munthu wouzidwa mawu amenewa mwina wachokera kwa Njema kapena kwa Mabuka, walipira kabaza ndi minibasi, ndipo wasiya ganyu ya tsiku limenelo.

N'chifukwa chiyani makina ogulidwa ndi ndalama zambiri safupikitsa ulendo wa munthu ameneyu? Akatswiri amati vuto lalikulu ndi kusagwirizana pakati pa sisitimu ndi cholinga cha ofesi imene ikuigwiritsa ntchito. Tikamati sisitimu sitikunena kompyuta yokha. Tikunena zonse zimene zimachititsa kuti uthenga ulembedwe, usungidwe, ndi kufika kwa woufuna: mafomu, kalaliki wolowetsa, malamulo onena woyenera kusaina, magetsi, netiweki, ndi ndalama zokonzera chikawonongeka. Cholinga cha ofesi ndi chifukwa chimene ofesiyo inakhazikitsidwira. Cholinga cha chipatala ndi chakuti wodwala achire. Cholinga cha ofesi ya kalembera ndi chakuti nzika iliyonse idziwike ndi boma lake. Sisitimu ikamathandiza zimenezi kuchitika msanga, motsika mtengo, ndiponso mwachilungamo, yagwirizana ndi cholinga. Ikamangotulutsa malipoti okongola pamene mzere pawindo sukuchepa, ndiye kuti ikutumikira cholinga china, ndipo tiyenera kufunsa kuti ndi cha yani.

Kumene nkhaniyi inachokera

Mfundo imeneyi inayambira m'makampani. M'chaka cha 1993, John Henderson ndi N. Venkatraman anafotokoza kuti phindu la makompyuta silichokera ku makina enieniwo, koma ku kugwirizana kwa zinthu zinayi: mapulani a bungwe, kayendetsedwe ka ntchito zake za tsiku ndi tsiku, mapulani a zaukadaulo, ndi zipangizo zimene zilipo. Chimodzi chikasintha, zinazo ziyenera kusuntha nazo. Patapita zaka khumi, Richard Heeks wa ku yunivesite ya Manchester anayang'ana ntchito za makompyuta m'maboma a maiko osauka ndipo anayerekeza kuti pa 100 zilizonse, 35 zimalephereratu, 50 zimalephera mbali ina, ndipo 15 zokha ndi zimene zimayenda bwino. Iye anati choyambitsa chachikulu ndi mpata umene umakhalapo pakati pa dziko limene wopanga sisitimu anali nalo m'mutu ndi dziko lenileni la kumene sisitimuyo ikukagwira ntchito. Mpatawo ukakula, ngozi yolephera imakulanso.

Kuno kwathu mbiri yake ili ndi mizu iwiri imene sinakulire pamodzi. Muzu woyamba ndi wa mphamvu ku anthu. M'chaka cha 1998 dziko la Malawi linakhazikitsa lamulo la maboma ang'ono ndi ndondomeko yopereka mphamvu ku makhonsolo. Maganizo ake anali akuti chitukuko chiziyambira kumudzi, kudzera m'makomiti a chitukuko a VDC ndi ADC, n'kufika ku khonsolo, kumene amalemba pulani ya chitukuko cha boma lonse. Muzu wachiwiri ndi wa makompyuta, ndipo umenewu unamera ku likulu. Unduna uliwonse unkagula sisitimu yake, kawirikawiri ndi ndalama za abwenzi akunja, n'kuitsitsira ku maboma. Zotsatira zake n'zakuti bwanamkubwa wa boma ngati Mulanje, limene kalembera wa 2018 anapeza kuti lili ndi anthu pafupifupi 684,000, amayang'anira maofesi amene makompyuta awo amalankhula ndi Capital Hill koma salankhulana okhaokha.

Phunziro lowawa kwambiri linachokera ku IFMIS, sisitimu yoyendetsera ndalama za boma. Imene inakhazikitsidwa mu 2005 inali ndi cholinga chotseka mipata ya kuba. Koma mu September 2013 nkhani ya Cashgate inaphulika, ndipo kafukufuku wa kampani ya Baker Tilly anapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zinasowa m'miyezi isanu ndi umodzi yokha. Anthu ankalowetsa malipiro a katundu amene sanaperekedwe, cheke n'kutuluka, kenako n'kufufuta zimene analowetsazo. Makina ankachita zimene anauzidwa. Chimene chinasowa ndi zonse zozungulira makinawo: kusamala nambala zachinsinsi zolowera, kusiyanitsa wolowetsa ndi wovomereza, ndi kufananitsa mabuku a boma ndi a banki nthawi ndi nthawi. Abwenzi akunja anaimitsa thandizo la ku bajeti, ndipo ululu wake unafika mpaka m'zipatala za kumidzi. Boma linayamba kugwiritsa ntchito IFMIS yatsopano mu 2020.

Chiphaso cha unzika ndi mbali yowala ya mbiriyi. Lamulo la kalembera wa nzika linakhazikitsidwa mu 2010, ndipo mu 2017 bungwe lolembera nzika la NRB, mothandizidwa ndi UNDP, linalemba anthu oposa 9 miliyoni a zaka 16 kupita m'tsogolo. Apa cholinga chinali chimodzi, chomveka kwa aliyense, ndipo olemba ndi amene anapita kumene kuli anthu. Chiphasocho chinadzakhala khomo la zinthu zambiri: kulembetsa nambala ya foni, kutsegula akaunti ku banki, kulembetsa m'kaundula wa zisankho, ndi kugula feteleza wotsika mtengo.

Mmene kusagwirizana kumayambira

Choyambitsa chachikulu, chimene sichitchulidwa mokwanira, n'chakuti masisitimu ambiri a boma anapangidwa kuti anyamule malipoti kupita kumwamba. Taonani za zaumoyo. Kuyambira 2012 Malawi amagwiritsa ntchito DHIS2, sisitimu imene inapangidwa ndi yunivesite ya Oslo ndipo maiko ambiri akuigwiritsa ntchito. Ndi chida chabwino. Koma taganizirani ulendo wa nambala imodzi. Namwino pachipatala chaching'ono monga cha Chonde amalemba wodwala m'kaundula wa pepala. Mwezi ukatha, wina amawerengera ndi kudzaza fomu. Fomuyo imapita ku Boma, kumene imalowetsedwa mu kompyuta, ndipo a ku unduna ndi abwenzi akunja amaona chithunzi cha dziko lonse. Funso ndi lakuti: kodi chimabwerera kwa namwino uja n'chiyani? Ngati palibe, iye amaona kulemba ngati msonkho wa nthawi yake, ntchito yochitira ena. Munthu wolemba zimene sadzazigwiritsa ntchito salemba mosamala, ndipo nambala zosalembedwa mosamala zimasokeretsa ngakhale a ku likulu amene anazifunawo. Motero sisitimu yotumikira kumwamba kokha imalephera kutumikira ngakhale kumwambako.

Chitsanzo cha cStock chimaonetsa mbali inayo. Iyi ndi njira imene inayamba mu 2011, yoti alangizi a zaumoyo azitumiza uthenga wapafoni wonena mankhwala amene atsala nawo kuchipatala cha m'mudzi, kuti akonzeredwe ena. Mlangizi anali ndi chifukwa chotumizira, popeza yankho lake linali mankhwala. Ndipo amene anatsatira ntchitoyi anapeza kuti inkayenda bwino kwambiri m'maboma mmene munali magulu okumana kawirikawiri kuti aone nambalazo ndi kuchitapo kanthu. Uthenga wapafoni unali womwewo kulikonse. Kusiyana kunali pa anthu okhala pansi n'kufunsana chifukwa chake mudzi wakutiwakuti ulibe mankhwala a malungo.

Choyambitsa china ndi ndalama za mapulojekiti. Bungwe lothandiza pa za Edzi limabweretsa sisitimu yake, la za katemera yake, la Mtukula Pakhomo yake, la zaulimi yake. Lililonse lili ndi cholinga chabwino, ndipo lililonse limayankha kwa amene analipatsa ndalama. Mayi mmodzi wa ku Limbuli akhoza kupezeka m'makaundula asanu, dzina lake litalembedwa mosiyanasiyana, ndipo akasamuka kapena akamwalira, kaundula mmodzi yekha ndi amene amadziwa. Boma linayesa kuthana ndi vutoli pokhazikitsa kaundula mmodzi wa mabanja ovutika, wotchedwa UBR, kuti mapulogalamu onse azitengamo maina. Maganizo ake ndi olondola. Koma kaundula wotere amakalamba msanga, chifukwa umphawi susunga malo amodzi: banja limene linali bwino chaka chatha likhoza kugwa chaka chino, mwamuna atachotsedwa ntchito ku esiteti ya tiyi kapena munda utakokoloka. Ngati palibe ndalama zokonzera kaundulayo kawirikawiri, kompyuta imangopereka mwaulemu mayankho a zaka zapitazo.

Palinso chizolowezi choika pa kompyuta njira yakale osaifunsa. Ngati pepala linkadutsa pa matebulo asanu ndi awiri, sisitimu imapangidwa ndi zitseko zisanu ndi ziwiri, ndipo nthawi zina pepalalo limayendabe pambali pake. Wogwira ntchito amalemba kawiri. Nthawi yoyenera kufunsa ngati siginecha iliyonse ndi yofunikadi ndi pamene sisitimu isanagulidwe, chifukwa pambuyo pake kusintha kumafuna ndalama.

Za umwini wa sisitimu tinaziona pa mapasipoti. Kumayambiriro kwa 2024 kusindikiza mapasipoti kunaima kwa milungu ingapo, ndipo mu February chaka chimenecho Pulezidenti Lazarus Chakwera anauza Nyumba ya Malamulo kuti akuba a pa intaneti alowerera sisitimu ya nthambi yoona za anthu olowa ndi otuluka. Izi zinachitika boma litathetsa kale mgwirizano wake ndi kampani ya Techno Brain mu 2021. Anthu amasiyana maganizo pa chimene chinachitika kwenikweni, koma mfundo imodzi inaonekera poyera: ofesi imene ilibe akatswiri akeake odziwa mkati mwa sisitimu yake, ndiponso yosasunga payokha zonse zimene zinalowetsedwamo, yapereka ntchito yake m'manja mwa ena.

Kenako pali nthaka yeniyeni imene makina amaimapo. Kalembera wa 2018 anaonetsa kuti mabanja pafupifupi 11 pa 100 alionse m'dziko muno ndi amene anali ndi magetsi, ndipo kumidzi chiwerengerocho chinali chotsika kwambiri. Ku Mulanje phiri limatchinga netiweki m'madera ena, ndipo mvula ndi yambiri. Pamene pulogalamu ya feteleza wotsika mtengo ya AIP inayamba mu 2020, makuponi analowedwa m'malo ndi chiphaso cha unzika chimene ogulitsa ankachiwerenga pa foni. Cholinga chinali chotseka chinyengo cha makuponi, ndipo chinali cholinga chabwino. Koma m'madera ambiri a dziko lino alimi anagona pamizere chifukwa cha netiweki, pamene mvula yobzalira siyembekeza munthu. Sisitimu inagwirizana ndi cholinga choletsa kuba, n'kusemphana ndi cholinga chachikulu, choti feteleza afike m'munda pa nthawi yake. Zili ngati kugula ngolo yolimba pamene njira ya kumunda ndi yodutsa munthu mmodzi.

Chitsanzo chimenechi chikutiphunzitsa chinthu chimene mabuku ambiri amachidumpha. Ofesi ya boma sikhala ndi cholinga chimodzi. Imafuna kuthandiza msanga, kuletsa kuba, kusasiya munthu aliyense kunja, ndi kusunga ndalama, ndipo zolinga zimenezi zimakokana. Kampani ikhoza kusankha makasitomala ake, koma boma silingasankhe nzika. Choncho ntchito yoyamba si ya akatswiri a makompyuta ayi. Ndi ya atsogoleri, kuti anene poyera cholinga chimene chidzapambane pamene ziwiri zawombana pawindo. Akapanda kunena, wopanga pulogalamu ya kompyuta ndi amene amasankha, mwina osadziwa n'komwe kuti wasankha.

Pamene anthu amasiyana maganizo

Mkangano woyamba ndi wa likulu ndi maboma. Ena amati zonse zimangidwe pamodzi ku likulu, ndi malamulo amodzi, kuti masisitimu azitha kulankhulana. Amatchula dziko la Estonia, limene kuyambira 2001 lili ndi njira yotchedwa X-Road yolumikiza makaundula a boma, ndipo limatsatira mfundo yakuti nzika isafunsidwe kawiri chinthu chimene boma likuchidziwa kale. Amatchulanso Irembo ya ku Rwanda ndi eCitizen ya ku Kenya. Pulojekiti ya Digital Malawi, imene Banki Yaikulu ya Dziko Lonse inavomereza mu 2017, inatsamira mbali imeneyi: kulumikiza maofesi a boma ku intaneti ndi kumanga maziko ogawana. Ena amayankha kuti wokhala ku Lilongwe sangadziwe kuti ku Mulanje ntchito ya tiyi imakoka anthu m'nyengo yothyola, kapena kuti zipatala za m'malire zimathandizanso anthu ochokera ku Mozambique amene alibe chiphaso cha kuno. Pa mkangano umenewu mbali zonse zili ndi choonadi, koma si pa chinthu chimodzi. Nambala ya nzika, kalembedwe ka maina a midzi, ndi malamulo a chitetezo ziyenera kukhala zofanana dziko lonse. Koma khonsolo iyenera kukhala ndi ufulu woona ndi kugwiritsa ntchito zonse zokhudza anthu ake, osachita kupempha ku likulu nambala zimene inatumiza yokha.

Mkangano wachiwiri ndi wa pepala. Ena amati pepala likangosiyidwa pambali pa kompyuta, anthu sasintha, ndipo achinyengo amathawira ku pepalako. Izi n'zoona. Koma n'zoonanso kuti kutseka njira ya pepala m'dera lopanda magetsi odalirika ndi kutsekera anthu kunja. Mu March 2023 namondwe wa Freddy anakantha Mulanje koopsa: misewu ndi milatho zinaduka, magetsi anazima, ndipo m'dziko lonse anthu oposa 600,000 anasowa pokhala. Tsoka lotere limaonetsa kufooka kwa njira zonse ziwiri. Buku la kuchipatala ndi chiphaso zimakokoloka ndi madzi, ndipo zikatero chopulumutsa munthu ndi zimene zinasungidwa mu kompyuta kutali. Koma pa masiku amene thandizo likufunika kwambiri, netiweki ndi imene imayamba kusowa. Yankho lanzeru ndi sisitimu yotha kugwira ntchito popanda netiweki, n'kutumiza zonse ikabwerera, pamodzi ndi lamulo lolembedwa lonena chimene wogwira ntchito achite makina akafa. Popanda lamulo limeneli, kalaliki amaopa kuthandiza munthu kuti angadzaimbidwe mlandu, ndipo "mubwere mawa" amakhala mawu omuteteza.

Chiphaso cha unzika chili ndi mkangano wakenso. Kulumikiza zonse ku nambala imodzi kumathandiza kupeza maina a anthu amene kulibe pa mndandanda wa malipiro ndi olandira kawiri. Koma chiphaso chikakhala khomo la zonse, wochitaya kapena amene chake chatha ntchito watsekeredwa zonse nthawi imodzi, ndipo kawirikawiri amakhala nkhalamba kapena wosauka amene ulendo wa ku Boma ndi wolemetsa kwa iye. Palinso nkhawa ya chinsinsi. Mbiri ya matenda a munthu ikalumikizidwa ndi dzina lake, ndani ali ndi ufulu woiona? Lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2024 linayamba kuyankha funsoli, koma lamulo limagwira ntchito pokhapokha ofesi iliyonse ikasiya chizolowezi chobwerekana nambala zachinsinsi.

Pomaliza pali ena, monga Claudio Ciborra, amene anakayikira ganizo lonse lakuti kugwirizana kumeneku kungakonzedwe pa pepala. Iye anaona kuti masisitimu amapatuka pa njira imene anawakonzera, ndipo amene amawapulumutsa ndi ogwira ntchito ongopeza njira zawozawo. Aliyense wodziwa maofesi athu akudziwa kuti magulu a WhatsApp amanyamula uthenga wambiri wa ntchito kuposa njira zina zovomerezeka. M'malo mongoletsa, mtsogoleri wanzeru amafunsa kuti njira yovomerezekayo ikulephera pati kuti anthu aithawe.

Chimene palibe wotsutsa n'chakuti makina okha sakonza ofesi yosokonekera, kuti sisitimu yopanda ndalama zoisamalira imafa pulojekiti ikatha, ndiponso kuti ogwira ntchito akafunsidwa poyambirira zinthu zimayenda bwino. Chimene chikadali pa mkangano ndi liwiro loyenera kusiyira pepala, malire a mphamvu za likulu, ndi kuchuluka kwa zimene boma liyenera kudziwa za munthu mmodzi.

Zimene khonsolo ingachite

Khonsolo ya Mulanje singasinthe IFMIS kapena makina a NRB, chifukwa eni ake ali ku likulu. Koma pali zambiri zimene zili m'manja mwake. Chachikulu ndi muyeso. Masiku ano ntchito ya makompyuta imayesedwa ndi chiwerengero cha makina ogulidwa, anthu ophunzitsidwa, ndi malipoti ofika pa nthawi yake. Muyeso woona uyenera kutengedwa pawindo: munthu amabwera maulendo angati kuti alandire kalata ya kubadwa ya mwana wake? Amawononga ndalama zingati pa mayendedwe? Pamwezi ndi masiku angati amene ofesi inabweza anthu chifukwa cha netiweki kapena magetsi? Kulemba zimenezi sikufuna pulojekiti. Kumafuna kope ndi munthu wolisamala, kenako makhansala ofunsa za nambalazo pa msonkhano wa khonsolo. Kuchokera ku Muloza kufika pa Boma ndi makilomita pafupifupi 30, ndipo ulendo uliwonse wobwerezedwa ndi ndalama yochotsedwa pa chakudya cha banja.

Khonsolo ilinso ndi mphamvu pa mabungwe. Pulojekiti iliyonse yofuna kugwira ntchito m'boma imayamba yaonekera ku komiti ya akuluakulu a nthambi, ya DEC. Pamenepo ndi pofunsira mafunso ovuta bungwe lisanagawe matabuleti. Kodi chida chimenechi chikuthandiza mfundo iti ya mu pulani ya chitukuko cha boma lino? Chikuchotsa fomu iti, kapena chikungowonjezera ntchito kwa mlangizi amene ali kale ndi makaundula ambiri? Pulojekiti ikatha, adzagule mayunitsi ndi mabatire ndani? Zimene zasonkhanitsidwa zidzatsala ndi yani? Bungwe lopanda mayankho liyenera kupemphedwa kuti likakonze kaye, ngakhale litabwera ndi ndalama.

Njira zina zothandiza sizifuna foni yamakono. Chipatala cha pa Foni, chimene chinayambira ku Balaka mu 2011 ndipo pambuyo pake boma linachitenga, chimalola munthu kuimba foni ndi kulankhula ndi wachipatala m'chilankhulo chake. Chinakula chifukwa chinayambira pa chimene anthu ali nacho kale m'manja. Mfundo yomweyo ingagwire ntchito pa zinthu zazing'ono za khonsolo. Uthenga wapafoni wouza munthu kuti chiphaso chake chafika umapulumutsa maulendo ongodzafunsa. Kulipira msonkho wa pamsika wa Chitakale kapena wa Limbuli kudzera pa Mpamba kapena Airtel Money kungachepetse ndalama zosowera panjira, koma ogulitsa adzakuvomereza ndi mtima wonse akamaona pa bolodi ndalama zimene zatoleredwa ndi zimene zagwira ntchito pa zimbudzi, madzi ndi kusesa. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga, limene linayamba kugwira ntchito mu 2020, limawapatsa kale mphamvu yofunsa zimenezi.

Ndipo pali anthu. Ofesi ya zamakompyuta pa khonsolo kawirikawiri imaonedwa ngati yoitanidwa pulinta ikafa, pamene mkulu wake amayenera kukhala nawo pa tebulo lokonzera bajeti ndi mapulani. Wogwira ntchito wophunzitsidwa bwino akasamutsidwa, nzeru zake zimapita naye ngati sanasiye wina wodziwa. Choncho pa sisitimu iliyonse pakhale anthu osachepera awiri oidziwa, aliyense ndi nambala yake yachinsinsi yolowera, ndipo mu bajeti ya chaka chilichonse mukhale mzere wa mabatire, sola, intaneti ndi kukonza makina, wotetezedwa mofanana ndi wa mafuta a ambulansi.